Chombo chinabwera chopanda anthu: chinavuta n'chiyani?

Bambo wina wa ku Santhe wafunsa: "Amisiri, ndinamva pa wailesi kuti anthu awiri a ku America anapita mumlengalenga kwa sabata imodzi koma anakakhalako miyezi 9. Chinawonongeka n'chiyani, nanga bwanji sanangochikonza komweko?"

Bambo, anthuwo ndi Butch Wilmore ndi Suni Williams. Ananyamuka pa 5 June 2024 pa chombo cha kampani ya Boeing chotchedwa Starliner, ndipo aka kanali koyamba chombocho kunyamula anthu. Poyandikira ISS, siteshoni ya mumlengalenga yochitirako kafukufuku komwe ankapita, timainjini 5 mwa 28 towongolera chombo tinazima, komanso mpweya wa helium, womwe umakankha mafuta kuti afike ku injini, unkatuluka m'mbali. Tinayi tinadzukanso, chombo n'kufika.

Kukonza komweko kunali kosatheka. Timainjinito tili kunja, pa chigawo chomwe amachitaya pobwerera kuti chikapse, ndiye panalibe woti atimasule n'kusuzumira mkati. Atayesa tofanana nato pansi pano ku New Mexico, anaona kuti kapulasitiki ka Teflon ka mu valavu kamafufuma kakatentha, n'kupanikiza njira ya mafuta.

Limeneli ndiye vuto lomwe ife amisiri timaliopa, lobwera n'kubisala. Njinga yamoto yomwe yaferatu siindidetsa nkhawa, ndimadziwa poyambira. Koma ija imazima ikatentha pa msewu wa ku Chamama, kufika nayo pa shopu n'kulira bwinobwino, wakabaza ndimamuuza kuti asakwezepo munthu mpaka tione chikuchitika. A NASA, bungwe la America loona za maulendo a mumlengalenga, anaganizanso choncho, ndipo mu September 2024 Starliner inabwera yopanda munthu. Inatera bwino, ena n'kumati anthuwo angowazunza chabe. Ine ndikukana. Mu 2003 chombo cha Columbia chinaphwasuka pobwerera, anthu 7 n'kufa, chifukwa phiko lake linamenyedwa ponyamuka koma akuluakulu anati si nkhani yaikulu. Bola kuchedwa miyezi 9.

Mayi wina wa ku Kamwendo, ku Mchinji, akuti: "Ndinaona pa Facebook kachombo kakuda bii ngati kapsa, anthu akuwatulutsa pa machira. Anavulala?"

Ayi mayi, sanavulale. Chimene munaonacho ndi chombo cha Dragon cha kampani ya SpaceX, chomwe chinabweretsa Wilmore ndi Williams n'kutera m'nyanja kufupi ndi Florida pa 18 March 2025, awiriwo atatha masiku 286 kumwamba. Kuda kuja n'kupsadi, koma n'kochita kufuna. Chombo chimalowa mumpweya wa dziko lino chikuthamanga pafupifupi makilomita 28,000 pa ola, ndipo buleki yake ndi mpweya womwewo. Kunsi kwake kumatentha mpaka madigiri 1,600 kapena kuposa. Pamenepo amaikapo chishango chomwe chimanyeka pang'onopang'ono, n'kumanyenyeka, kutentha n'kumapita ndi zonyenyekazo m'malo molowa mkati. Mpweya wotenthawo umatsekanso wailesi kwa mphindi zingapo, a pansi samva kanthu, amangodikira. Kenako amatambasuka maparachuti awiri ang'onoang'ono, pambuyo pake anayi akuluakulu.

Za machirazo, ndi mwambo wawo kwa aliyense wokhalitsa kumeneko. Kopanda kulemera, thupi limasiya ntchito zina. Mafupa a m'chiuno ndi miyendo amachepa mphamvu pafupifupi 1 peresenti pa mwezi, ngakhale amachita masewera olimbitsa thupi maola awiri tsiku lililonse. Magazi amazolowera kukhala kumtunda, ndiye munthu akaimirira pansi pano amatsikira kumiyendo, chizungulire n'kumugwira. Mkati mwa khutu, momwe mumatithandiza kuima osagwa, namonso mumasokonekera. Madokotala amawayang'anira masiku 45 mpaka miyendo ikumbukire ntchito yake.

Mnyamata wina wa pa Boma wafunsa ngati foni imagwira kumeneko. Netiweki ya nsanja zathuzi siifika, achimwene, chifukwa siteshoniyo ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 400 ndipo imazungulira dziko lonse m'mphindi 90 zokha. Akafuna kuyimbira kwawo amadzera pa kompyuta ya m'siteshoni, mawu n'kudutsa m'masetilaiti a NASA otchedwa TDRS kupita ku mbale zolandirira zomwe zili pansi.