Musadule zopondera za MGB musanaone kapini kake

Achimwene, mwati galimoto yanu ya MGB ya 1972 imene mwagula ku Leicester, ku England, klatchi yake ikugwirira pansi penipeni, rivesi ikukukuta mukamailowetsa, ndiye mukufuna kudula zopondera zonse ziwiri, cha klatchi ndi cha buleki, muziwotcherere pafupi ndi miyendo, komanso kuboola bowo lina kuti klatchi ifeweko. Chonde, sowoyo iyambe yakhala pansi.

Tsegulani boneti, mumasule chivundikiro cha pedal box (bokosi la zopondera) chimene chili mbali ya dalaivala. Mupeza zopondera ziwirizo zapachikika pa bawuti imodzi, ndipo chilichonse chalumikizidwa ku master cylinder yake (silinda yokankha mafuta mukaponda) ndi kapini kotchedwa clevis pin. Wina akhale m'kati azikankha chopondera ndi dzanja pang'onopang'ono, inu maso pa kapiniko. Chopondera chikamayenda ndodo ya master cylinder ili duu, nthenda mwaipeza. Yanga nditaimasula, kapiniko kanali kodyeka mizere iwiri ngati chitsononkho chotafuna mbewa, ndipo bowo limene linali lozungulira linali litasanduka ngati dzira. Kukhwepa kwa milimita imodzi kapena awiri kumtundako kumachuluka kangapo pofika kuphazi, n'chifukwa chake klatchi siikumasuka mokwanira. Rivesi ndiyo imayamba kudandaula poti ilibe synchromesh, kachipangizo kothandiza giya kulowa osakukuta.

Mankhwala ake ndi kapini katsopano, mabushi atsopano a pa bawuti ija, ndi sipuling'i yobwezera chopondera. Bowo lotambasukalo makaniko wodziwa ntchito amaliboola bwino n'kuikamo bushi, pamalo ake omwewo. Mukatero lowani pansi pa galimoto, chifukwa ku slave cylinder (silinda yolandira mafutawo n'kukankha klatchi) kulinso kapini kena kamene kamadyeka chimodzimodzi. Mnzanu akaponda mpaka pansi, ndodo yake iyende pafupifupi theka la inchi. Ikapanda kufika, sinthani paipi ya labala, pakuti imafooka m'kati kunja ikuoneka yabwinobwino, kenako mutulutse mpweya. Mukagula slave cylinder yatsopano, kabawuti kotulutsira mpweya kakhale pa bowo la kumwamba; ambiri atha tsiku lathunthu akupopa pachabe chifukwa kanali kumunsi.

Za bowo latsopano lija sindikuvomerezani. Mukalisendeza kufupi ndi bawuti, phazi lipepukidwadi, koma ndodo iyenda pang'ono kuposa lero, pomwe vuto lanu ndi lomweli loti siikuyenda mokwanira. Ndodoyo iyambanso kukankha mopendekeka n'kumadya silinda mbali imodzi. Ndipo kumbukirani kuti klatchi ya MGB imakankhidwa ndi beling'i ya kaboni imene imaperepeseka nthawi zonse phazi likakhala pa chopondera. Ikatha, njira ndi imodzi, kutulutsa injini. Choncho pa maloboti ikani giya pa fili, phazi lichokepo.

Koma chimene chandidzutsa kuti ndilembe ndi chopondera buleki. Chimenecho musachidule ngakhale pang'ono. Tsiku limene mwana adzathamangire mumsewu mudzapondapo ndi thupi lonse, ndipo malo owotcherera amene amaoneka osalala akhoza kukhala ndi mng'alu m'kati. Galimoto za msika wa ku Britain za chaka chanucho zili ndi njira imodzi yokha ya mafuta a mabuleki, yodyetsa mateyala onse anayi. Za ku America ndizo zinayamba kukhala ndi njira ziwiri mu 1968. Mabuleki a galimoto yanuyo akalephera, palibe chokupulumutsani china kupatula handibuleki. Ngati mukufunadi kusintha kanthu pa mabuleki, ndalama zanu zipite ku njira ziwirizo, ntchito igwire katswiri wa galimoto za MG.

Vuto la miyendo yambirani pa mpando. Njanji zake zimagwidwa ndi dzimbiri, mwina sukufika n'komwe kutsogolo. Zitsukeni, muzipake girizi. Zikakanika, alipo mapadi owonjezera omangira ndi mabawuti pa chopondera, osadula chitsulo. Mumange ndi manati osamasuka okha, ndipo muyese ndi nsapato zimene mumayendetsera kuti phazi lisamakole buleki ndi klatchi nthawi imodzi, poti malo ndi opanikizika kumapaziko.

Mukabwezera zonse, chopondera buleki chikhale ndi kampata kakang'ono chisanayambe kukankha. Chikapanda kubwerera mpaka kumapeto, mafuta sabwerera m'kabotolo kake, mabuleki amagwira okha n'kutentha muli pa ulendo. Mafuta a mabuleki a mtundu wa DOT 4 musawasakanize ndi DOT 5 a silikoni. Funsani amene anakugulitsani kuti anathiramo ati. Mabawuti a galimoto imeneyi, yopangidwa ku Abingdon ku England, ndi a mainchi, ndiye masipanala a mamilimita angowononga mitu yake.

Chilichonse chimene mwasintha pa zopondera auzeni a inshulansi musanatulukire pamsewu. Ndipo ngakhale galimoto yopitirira zaka 40 imatha kukhululukidwa MOT (kuyezetsa galimoto kwa chaka ndi chaka kwa ku Britain), yanga ndimakaiyezetsabe chaka ndi chaka kuti maso ena aone mabuleki. Mukamasula chivundikiro chija jambulani kapiniko mutitumizire tione mmene kadyekera.