Mwana wanga saona bwino, ndimugulire chani?

Funso: Zikomo akonzi. Mwana wanga wa Sitandade 6 saona bwino, buku amachita kuligunditsa pamphuno kuti awerenge. Ndasungako kandalama ka nthochi ndiye ena akuti laputopu ena akuti foni basi, mutu waima. Ndigule chani?
Mayi wa ku Bvumbwe, Thyolo

Yankho: Mayi, musathamangire kugula kaye, yambani mwapita naye kuchipatala akamuyeze maso chifukwa mwina magalasi okha athandiza kale. Ngati amaonako pang'ono, foni ya Android, mukakhala nayo, ili ndi pokulitsira zilembo, komanso TalkBack yomwe imawerenga mokweza zolembedwa pasikirini, zonse zaulele izi. Laputopu ndi yabwino pophunzira kutayipa, olo yakale bola batire yamoyo, mukudziwa kale za magetsi athuwa. Muikemo NVDA, pulogalamu yowerenga mokweza zolembedwa pakompyuta, nayo ndi yaulele, musalimbane ndi inzake yotchedwa JAWS imadula kwambiri. Chimene chimandiwawa ine nchoti mawu a mapulogalamuwa amatchula bwino Chingerezi koma Chichewa amachikhotetsa, ndiye masiku oyamba mukhale naye pafupi asagwe mphwayi. Kukomiti ya sukulu funsani za aphunzitsi ophunzira ku Montfort, koleji ya aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera ku Chiradzulu, amuyesetse chipangizocho musanatulutse ndalama.