Ndinapita padera, koma m'buku alembamo "abortion"

Mayi wina wanditumizira imelo ali wosweka mtima. Anapita padera mimba ili ndi miyezi iwiri, ndipo atamutsuka kuchipatala, m'buku lake analembamo "incomplete abortion". Mlamu wake amene ndi namwino ku Britain anaona tsambalo pa WhatsApp n'kunena kuti kumeneko amalemba choncho munthu akachotsa dala. Pano kuchimuna kwayamba manong'onong'o. Funso lake ndi lakuti, kodi adokotala analakwitsa?

Pepani kwambiri mayi ndi zimene zakuonekerani. Adokotala sanalakwitse, komanso sanakunamizireni mlandu. M'Chingerezi cha madokotala, mimba iliyonse yothera panjira mwana asanakhwime imatchedwa "abortion", kaya yachoka yokha kaya yachotsedwa. Ikachoka yokha amati "spontaneous", ikachotsedwa dala amati "induced". Mndandanda wa matenda wa bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO wotchedwa ICD-10 nawonso umatcha kupita padera "spontaneous abortion". Koma "incomplete" yanuyo ikungotanthauza kuti zina zinatsalira m'chiberekero, n'chifukwa chake anakutsukani.

Alamu anuwo akunena za kumene ali. Ku Britain, lamulo la 1967 litalola kuchotsa mimba pa zifukwa zina, anthu wamba anayamba kumva "abortion" ngati kuchotsa basi. Mu 1985 madokotala a pa chipatala cha St Mary's ku London, motsogozedwa ndi Richard Beard, analemba m'magazini ya zachipatala ya Lancet kupempha anzawo kuti mayi wopita padera azimulembera "miscarriage", poti mawu akalewo ankawapweteka amayi. Pang'onopang'ono zinasinthadi. Ku America nako bungwe la madokotala a amayi la ACOG limakonda kunena "early pregnancy loss". Kwathu kuno mawu akale aja akadali m'mabuku ophunzirira ndi m'makaundula a m'mawodi. Ine ndimaona kuti a ku London aja anaganiza bwino, makamaka kuno kumene buku la kuchipatala limawerengedwa ndi aliyense, apongozi omwe. Komabe namwino ayenera kudziwa zonse ziwiri asanaponye mawu pagulu la abale.

Kusiyanaku sikuthera pamenepa. Mwana akamwalira m'mimba, ku America amati wabadwa wakufa kuyambira masabata 20, ku Britain 24, pamene WHO poyerekeza maiko imawerengera kuyambira 28. Ndiye mimba ya masabata 22 ikachoka, m'bale wa ku Texas ndi wa ku Leeds alemberedwa zosiyana.

Bwererani kuchipatala ndi abambo akunyumba, bukulo lili m'manja, mukapemphe namwino kapena dokotala awafotokozere yekha pamaso panu. Akawauzenso kuti mimba zambiri zochoka miyezi itatu isanakwane zimachoka chifukwa mwanayo sanapangike bwino kuyambira pachiyambi, osati chifukwa cha chimene mayi anachita. Ndipo mukamataya magazi ambiri, kutentha thupi kapena kutuluka zonunkha, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.