T/A pa fomu: ndi munthu kapena dera?

Mayi wina wa ku Luchenza wanditumizira imelo. Akuti ankalembera mwana wawo fomu yofunsira malo ku koleji, atafika pamzere wa "T/A" cholembera chinaima. Funso lawo ndi lakuti zilembo ziwirizi zikuimira chiyani, ndipo alembepo dzina la mfumu kapena la dera?

Mayi, zikuimira Traditional Authority, amene ife timati mfumu yandodo. Chakusokonezani n'chakuti mawuwa amagwira pawiri. Wina akati "T/A Bvumbwe yaitanitsa msonkhano", akunena munthu. Akati "kwathu ndi kwa T/A Mabuka ku Mulanje", akunena dera lonse limene mfumuyo imalamulira. Fomu ikufuna deralo. Mwayi wake dzina ndi limodzi lomwelo, chifukwa Mabuka, Chikumbu, Nchilamwera kapena Chimaliro ndi maina a mpando. Mfumu ikagona, wolowa ufumu amalowanso dzinalo, ndiye dzina lake lobadwa nalo musalifunefune.

Pamene ambiri amaphonya ndi apa: amalembapo nyakwawa kapena gulupu, poti ndi amene amawaona pamaliro ndi pamilandu ya malire a minda. Ayi. Mudzi uli ndi mzere wake. Pamwamba pa gulupu pali Sub-Traditional Authority, yolembedwa STA, kenako T/A. Mfumu yanu ikakwezedwa kukhala Senior Chief, poilembera kalata muitchule ndi ulemu watsopanowo, apo ayi mukalipira nkhuku, koma pafomu dera likadali T/A yakutiyakuti. Ulemu wa Paramount Chief, mfumu ya pamwamba pa onsewa, musaulowetsepo n'komwe.

Mawuwa ali ndi kholo lake. Mu 1933 boma la atsamunda linapatsa mafumu mphamvu zina zoyendetsera madera awo n'kuwatcha Native Authority. Liwu loti "native" linkanunkha chipongwe, n'zosadabwitsa kuti silinakhalitse titalandira ufulu mu 1964. Lamulo la mafumu limene tikuyendera ndi la 1967.

Inu a ku Luchenza muli m'malire mwa Thyolo ndi Mulanje, choncho onetsetsani kuti T/A ndi boma zikugwirizana, komanso zifanane ndi zimene munalembetsa pa chiphaso cha unzika. Zikasiyana, mudzayenda maulendo opanda pake.

Mwafunsanso za t/a imene munaiona pa lisiti ya golosale. Imeneyo si ya ufumu. Ndi "trading as", kutanthauza kuti mwini wake akuchita malonda m'dzina lakutilakuti.