Mayi, musagulitse ng'ombe musanafunse izi

Mayi, ejenti amene akuti wamupezera mwana wanu malo a za malamulo kunja ndi MSCE yokhayo, musamupatse ngakhale tambala kaye. Anthu amenewa amalandira yawo mwana akangolembetsa, zakuti adzatha kuima m'khoti kuno kwathu alibe nazo ntchito. Ndipo amadziwa ndithu kuti makolo a ku Tsangano ndi ku Lizulu akakolola mbatatesi ndalama imakhalapo, n'chifukwa chake amakonda kuzungulira konko nthawi imeneyi.

Choyamba, MSCE siilowetsa munthu molunjika ku digiri ya malamulo ku England. Amafuna ma A-level, mayeso apamwamba kuposa MSCE, kapena chaka chimodzi chokonzekera, chomwe n'cholipira pachokha, kenako zaka 3 za LLB, yomwe ndi digiri ya malamuloyo. Ku South Africa LLB ndi zaka 4, ndipo pamafunika chikalata chochokera ku Universities South Africa chotsimikiza kuti maphunziro ake akukwanira. Ku India, wongochoka ku sekondale amalowa pulogalamu ya zaka 5. Ku America malamulo amaphunzira munthu woti ali kale ndi digiri ina, ndiye kumeneko iwalaniko.

Koma pamene pamalira anthu si popita, ndi pobwera. Mwana watera ku Lumbadzi, digiri ili m'chikwama, kumudzi aphika thobwa, aliyense akumutchula kuti loya. Akafika ku maofesi ndiye amamva kuti sanakhale loya. Lamulo la Legal Education and Legal Practitioners Act limati wophunzira kunja adutse kaye ku Malawi Institute of Legal Education, akhoze mayeso a malamulo a dziko lino, kenako apemphe kwa mkulu wa oweruza milandu kuti amulandire, ndiye azitenga chiphaso cha chaka ndi chaka ku Malawi Law Society. Asanalowe n'komwe ku Institute kuja, mapepala ake amaunikidwa. Sukulu ija ikakhala yosavomerezeka, kapena maphunziro ena ofunika sanawatenge, amangomubweza. Apa ng'ombe zapita, dimba munapinyolitsa, ejenti uja foni yake siikupezekanso. Mwana amayamba kubisala m'nyumba kuopa mafunso a anthu pamsika, ena mpaka kumanena kuti kunjako ankangoyendayenda. Zimapweteka, Mayi.

Ndiye musanalipire, tengani dzina lenileni la yunivesiteyo ndi mndandanda wa maphunziro onse, mukafunse ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, ku Lilongwe komanso ku Malawi Council of Legal Education ngati digiriyo adzailandire. Yankho likhale lolembedwa, osati la pafoni. Funsaninso kuti dzikolo limatsata malamulo a mtundu wanji. Athu anachokera ku England. Ena amati bwanji ku Mozambique poti n'pafupi, kungodutsa pa Dedza uli ku Angonia, koma kumeneko amatsata dongosolo la ku Portugal, m'Chipwitikizi, silifanana ndi lathu. Ngakhale ku England komweko sakamuphunzitsa za malo a makolo, za mafumu, za chikamwini, zomwe ndi milandu yomwe imadzaza m'makhoti a kuno. Zimenezo adzayambira pansi akabwera.

Za ndalama musawerengere fizi yokha. Ku UK viza imafuna kalata ya CAS yochokera ku sukulu yotsimikiza kuti yamupatsa malo, chikalata choti wayezetsa TB, ndalama ya zaumoyo yolipiriratu zaka zonse, komanso ndalama zokhalira zigone m'banki masiku 28 osatsika ngakhale tsiku limodzi. Zongobwereka kwa amalume lero n'kubweza mawa amazigwira. Ganyu amaloledwa maola 20 pa sabata sukulu ikamayenda, yomwe ndi ya chakudya basi, osati fizi. Ku South Africa viza siituluka popanda inshuwalansi ya chipatala yolembetsedwa komweko. Ndiye pali vuto la ndalama zakunja. Mutha kukhala ndi makwacha onse, banki n'kukuikani pamzere milungu, sukulu n'kutsekera mwana kuti asalembe mayeso. Kumbukirani November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti: amene anali atawerengera zaka zitatu anapezeka ndalamazo sizikufikanso kumapeto.

Kunena zoona, njira yotchipa n'kuyesa ku Zomba, ku University of Malawi, ngakhale mpikisano wake ndi woopsa, kenako kunja adzapite kukachita digiri yachiwiri. Pamenepo ndi pomwe pali thandizo la ndalama za maphunziro ngati Chevening, Commonwealth ndi Beit Trust. La digiri yoyamba ya malamulo ndi losowa kwambiri, wokuuzani kuti lilipo lambiri akukunamizani.

Komabe ngati mwanayo ndi wakhama ndipo ndalama ya zaka zonse mwaiona ndi maso, mulekeni apite, asakalambire pakhomo podikira malo ku Zomba. Kungoti fomu alembe yekha pa webusaiti ya sukuluyo, fizi mulipire ku akaunti ya sukulu osati ya munthu, ndipo muwonjezere chaka china cha ndalama cha akadzabwerako.