Mwana wagwa mayeso a kolesitero, asinthe kosi?

Mayi wina wa ku Chinamwali wandilembera. Mwana wawo wamkazi akuphunzira zasayansi ku koleji kuno ku Zomba, ndipo mayeso a biochemistry sanamuyendere, makamaka funso la momwe kolesitero amayendera m'magazi. Akuti analoweza mayina onse, VLDL, LDL, HDL, koma atakhala pa desiki zonse zinabalalika. Pano akudikira kulemba sapu, mayeso obwereza a amene sanakhoze, ndipo wayamba kunena zosintha kosi. Mayiwo akufunsa ngati amulole.

Mayi, musafulumire. Mwana wanu anagwa chifukwa analoweza mayina osaona chomwe chikuchitika. Mumuuze ayambire pa beseni lotsukira mbale. Mukaviika poto yomwe munakazingiramo usipa, mafuta amayandama pamwamba, timadontho tonyezimira tokana kusakanikirana ndi madzi. Magazi ndi madzi ochuluka, pomwe kolesitero ndi wa gulu la mafuta. Kuti ayende, thupi limamukulunga m'timipira ting'onoting'ono, mafuta mkati, kunja chikopa chokhala ndi mapuloteni chimene chimagwirizana ndi madzi. Timipirati ndi tomwe mabuku amati lipoprotein. Chiwindi chimatumiza VLDL yodzaza mafuta, minofu imatapako mafutawo panjira, kampira nkumaphwa, ndipo kotsalako kodzaza kolesitero ndiye LDL. Mayina awiriwa ndi katundu mmodzi, wina ponyamuka, wina atayenda.

Pomwe ophunzira ambiri amasochera ndi pa chipata. Kampira kalikonse ka LDL kali ndi puloteni imodzi yaikulu yotchedwa apoB-100. Pakhungu la selo, makamaka maselo a chiwindi, pali cholandirira chotchedwa receptor chomwe chimazindikira puloteni imeneyi. Zikagwirana, khungulo limabonyokera mkati nkuduka kathumba, LDL ndi receptor zili momwemo. M'kathumbamo asidi amakwera, receptor nkutaya katundu wake. LDL imapita ku lysosome, kathumba kena ka mu selo kogaya zinthu, kukaphwanyidwa kuti selo itenge kolesitero, koma receptor imabwerera pakhungu kukadikira ina. Ine ndimaganiza za wopalasa bwato pa doko la Kachulu pa nyanja ya Chilwa, amene akatsitsa anthu ku chilumba cha Chisi amatembenuka kudzatenga ena. Ulendo umodzi wa receptor umatenga mphindi pafupifupi 10, ndipo imayenda maulendo ambirimbiri isanathe.

Funso lomwe aphunzitsi amakonda lili apa. Selo ikakhuta kolesitero, imachepetsa kupanga ma receptor. Mabwato akachepa, anthu amadzadza pagombe, LDL imachuluka m'magazi nkuyamba kulowa m'makoma a mitsempha. Michael Brown ndi Joseph Goldstein a ku Dallas anatulukira zimenezi m'zaka za m'ma 1970 pofufuza maselo apakhungu a odwala amene anabadwa ndi ma receptor olakwika, ndipo mu 1985 analandira mphoto ya Nobel. Matenda akumtunduwa amapezeka mwa munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 250. Mankhwala a statin, omwe mwina wina kwanuko akumwa, amatsekereza enzyme ya HMG-CoA reductase yomwe chiwindi chimapangira kolesitero wake. Chiwindi chikaona kuti chaperewera, chimachulukitsa ma receptor nkumakokolola LDL m'magazi. Wophunzira amene wamvetsa chiganizo chimenechi sangagwenso funso ili. HDL yokha imayenda mobwerera, kutola kolesitero wotsala m'minofu kupita naye ku chiwindi, ndipo pa sapu zimenezo zimukwanira poyambira.

Akabwera kunyumba, mumupatse pepala ndi bolopeni, mabuku atseke, ajambule ulendo wonse kuyambira pachiwindi. Kenako akufotokozereni m'Chichewa inu mukusenda mbatata. Pomwe adzayambe kuchita chibwibwi nkuthawira ku Chingerezi, pamenepo ndiye sanamvetse. Musachite manyazi kumufunsa kuti "ndiye kenako?" ngakhale inu simunapite patali ndi sukulu. Apitenso kwa mphunzitsi wake akapemphe kuona pepala lomwe analemba. Ana ambiri amaopa zimenezi ngati kupolisi, koma pepalalo ndi lomwe limaonetsa ngati anaphonya funso kapena nthawi inamuthera.

Za ntchito, phunziro ili ndi msana wa zaumoyo zambiri. Woyeza magazi mu labu ya chipatala, wa ku famase amene amapereka statin, wolangiza za kadyedwe kwa odwala shuga ndi BP, onsewa amagwira nalo tsiku ndi tsiku. Amene amafuna kupitiriza ndi kafukufuku amayang'ana ku Kamuzu University of Health Sciences, yomwe inayamba kuima payokha mu 2021 itachoka mu University of Malawi.

Kusintha kosi kuli ndi mtengo wake, nthawi zina chaka chathunthu ndi fizi zake. Mumufunse funso limodzi: masiku a labu amadzuka bwanji? Ngati amanyansidwa ndi ntchito ya mu labu yeniyeniyo, kuyeza ndi kudikira zotsatira, mundilemberenso sapu ikatha, tikambirane kosi ina.