Tifunseni: Malo osankhidwa ndi manambala

Funso: Akonzi, mwana wanga ndi anzake ayamba masewera otchedwa geohashing. Loweruka lililonse amakwera kombi kukafuna malo amene akuti kompyuta yawasankhira. Kodi malowo amapezeka bwanji? Nanga bwanji tsiku lina foni inawalozera ku Sudan? — Mayi wa ku Mbare, Harare

Yankho: Mayi, masewerawa anawayambitsa Randall Munroe, wojambula makatuni wa ku America, mu 2008. Kompyuta imatenga deti la tsikulo ndi nambala imene msika wa masheya ku New York watsegulira, ya Dow Jones, n'kuzisakaniza mwa njira yotchedwa MD5. Pamatuluka manambala awiri, monga .05 ndi .10, omwe amawaphatikiza ku madigiri a dera lanu, manambala osonyeza pamene deralo lili pa mapu. Ife a kum'mawa timagwiritsa ntchito nambala ya dzulo lake, popeza msikawo umatsegula kuno dzuwa litapendeka. Choncho malo a Loweruka amadziwika Lachisanu madzulo, ndipo mwambo wake ndi kukumana pamalopo Loweruka 4 koloko masana.

Anawo akhoza kupulumutsa ndalama zambiri za kombi atadziwa ichi: Harare ili pafupi ndi pamene zigawo zinayi za mapu zimakumana. Chigawo chilichonse n'chachikulu, makilomita pafupifupi 111 kuchoka kumpoto kupita kumwera, 106 m'mbali. Bindura ndi pakati pa tauni ya Harare zili m'chigawo cha madigiri -17, 31. Norton mu -17, 30. Chitungwiza ndi Marondera mu -18, 31. Chegutu mu -18, 30. Manambala aja ndi amodzimodzi m'zigawo zonse, ndiye tsiku lililonse pali malo anayi oti asankhepo. Taonani: -17.05, 31.10 ili makilomita oposa 80 kumpoto, koma -18.05, 31.10 ndi pakhomo pa Chitungwiza pomwepa. Wosayang'ana zonse zinayi amangodzivutitsa.

Za ku Sudan n'zosavuta. Anaiwala kachizindikiro kochotsera patsogolo pa 17, foni n'kuganiza kuti akunena kumpoto kwa dziko lapansi. Asamadulenso manambala, alembe asanu pambuyo pa kadontho. Akalemba atatu okha aphonya ndi mamita makumimakumi, pomwe foniyo payokha imaphonya kale ndi mamita ngati asanu.

Mapu aziwasungiratu m'foni akadali kunyumba, chifukwa GPS imagwira ngakhale netiweki itathawa, koma mapu satseguka popanda data. Atenge madzi malita awiri aliyense, pawabanki, ndi ndalama ya kombi yobwerera m'thumba lina.

Kompyuta sidziwa mpanda. Malo akagwera m'famu apemphe mwiniwake, kumudzi ayambe alonjera sabhuku (mfumu ya mudzi). Akakanizidwa abwerere, ndipo pa malo a asilikali asayandikire n'komwe. Cha ku Mazowe ndi Shamva kuli maenje a okumba golide, ena osatsekedwa, omwe udzu wa dzinja umawabisa. Kumeneko aziyenda pakanjira kopondedwa kale, ndodo patsogolo.